Ndinafufuta Lapansi Lokha

Machinjiri, Blantyre
9 Juni 2025

Wokondedwa mwana wanga Mirriam,

Landira moni wochokera kuno ku Machinjiri. Ine ndili bwino, kupatula bondo lakumanzere limene silimvana ndi mwezi wa Juni. Mlongo wako Alfred ndi mkazi wake ali bwino, ndipo akundisunga mosanyinyirika. Kaya iwe ku Cape Town kumeneko, ndi ntchito ya m'nyumba za eni ake?

Kalata iyi akundilembera ndi mayi Shamsa, mwana wa malemu a Majidi okhoma zidebe aja a ku Ndirande. Ali ndi kashopu kuseri kwa msika, kolembera anthu makalata ndi kuchita fotokope. Ine ndimanena, iwo amalemba pa kompyuta, kenako amandiwerengera kuti ndimve ngati mawu anga alowa onse. Alfred amati ndizingolankhula pa foni ngati anthu ena. Ndakana. Mawu a pa foni munthu amawakana mawa lake. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, koma nyumba zimene ndinamanga ku Soche zikadali chilili, ndipo mmisiri aliyense amadziwa kuti chinthu chofunika chimayamba chakhala papepala.

Nkhani ndi iyi. Tagwirizana ndi amalume ako kuti chiliza cha amayi ako tikachivundukule Loweruka pa 30 Ogasiti. Zaka ziwiri zapita kuchokera pamene matope a namondwe wa Freddy anatsika m'phiri n'kutenga nyumba yathu ya ku Chilobwe, amayi ako ali momwemo. Mpaka lero pamanda pawo pali mulu wa dothi ndi kathabwa kofufuma ndi mvula. Ndikapitako ndimachita manyazi, ine munthu amene ndinamangira anthu ena nyumba za njerwa.

Abusa akufuna mbiri ya malemu yolembedwa bwino, yoti ikawerengedwe ndi kugawidwa kwa anthu. Tsamba lomaliza likhala la mawu okazokota pamwala. Wozokota ndi a Abbas a ku Zingwangwa, msuweni wawo wa mayi Shamsa, ndiye tikangomaliza adzawatumizira pa foni.

Tayamba kale. Ndanena za makolo a amayi ako amene anawoloka kuchokera ku Milanje, za tomato amene anagulitsa pa msika wa Chilobwe zaka makumi atatu, ndi za tsiku lija anathamangitsa wakuba ndi mwala wa sikelo. Koma ndikusowa zinthu ziwiri. Choyamba, chaka chimene anabatizidwa. Khadi lake linapita ndi madzi. Chachiwiri, chithunzi. Zithunzi zonse za m'nyumba zinapita. Ndikukumbukira kuti unawajambula pa foni yako atavala yunifomu ya amayi a mpingo. Utumize chimenecho kwa mayi Shamsa.

Pamwala padzalembedwa mayina a ana amene anaika amayi awo m'manda, iwe ndi Alfred. Za winayo usandifunse. Munthu amene amayi ake anakwiririka m'matope, anthu osawadziwa n'kumafukula ndi manja, iye osabwera, osaimba ngakhale foni kwa masabata asanu ndi limodzi, ameneyo anadzichotsa yekha.

Usavutike ndi zotumiza. Chimene ndikufuna ndi chithunzi, chaka, ndi tsiku limene udzafike.

Ndine bambo wako,
Fletcher Mulipa


Cape Town
15 Juni 2025

Ababa,

Moni kwa inu, kwa Alfred ndi kwa alamu anga. Kuno kukugwa mvula yozizira tsiku ndi tsiku, koma ndili bwino. Bondolo muzilimanga ndi nsalu yofunda, musamaliyendetse ngati la mnyamata.

Chithunzi ndatumiza. Mabwana andilola sabata ziwiri mu Ogasiti. Za ubatizo, amayi ankanena okha kuti anabatizidwa chaka chimene anabereka mwana wawo woyamba, ali naye kumsana. Ndiye kuti ndi 1981.

Mwana ameneyo ali ndi dzina, ababa, ndipo munamupatsa ndinu. Achimwene a Aaron ali konkuno, timaonana Lamulungu lililonse. Pali zina zimene sindingakuuzeni chifukwa ndinalonjeza. Ndingokupemphani kuti musaweruze nkhani imene mwamva mbali imodzi.

Mundikhululuke polankhula chonchi kwa kholo. Kwathu ana ndi a kuchikazi, inu mukudziwa kuposa ine. Chiliza chimenechi ndi cha amayi, ndipo amayi anabereka atatu. Kodi amalume mwawauza kuti mphwawo wamkulu mukumusiya? Ndikukayika.

Dzina la achimwene lilembedwe, loyamba, pamalo pake. Mbiriyo ikatha munditumizire ndiione isanapite kwa a Abbas. Ngati dzinalo palibe, ine basi sindikwera. Sindingakaime pamanda a amayi n'kumaimba nyimbo pamwamba pa bodza.

Mwana wanu,
Mirriam


Machinjiri, Blantyre
24 Juni 2025

Mirriam,

Moni. Tonse tili bwino. Chithunzi chafika, ndathokoza. Nditachiona ndinapempha madzi akumwa.

Kalata yako mayi Shamsa andiwerengera kawiri. Kachiwiriko ndinawapempha kuti adumphe pamene ukundiphunzitsa mwambo wa makolo anga. Anakana. Akuti iwo sadumpha mawu a munthu, angakhale owawa.

Chabwino. Walamula, zachitika. Dzinalo lalembedwa, loyamba pa mndandanda, ndipo ndaliona ndi maso anga. Kuwerenga nkhani yaitali kumandivuta, koma mayina a ana anga ndimawazindikira.

Ndikuuzeko zodabwitsa za makinawa. Mbiri yatalika, yafika masamba asanu ndi limodzi. Ndinafuna kuona ngati zaka zimene zili koyambirira, pansi pa chithunzi, zikufanana ndi zimene zili kumapeto, zopita pamwala. Mwala sulakwitsidwa. Mayi Shamsa anayamba kukweza ndi kutsitsa masambawo, kukweza, kutsitsa, mpaka ndinachita chizungulire. Atandiona ndikutikita m'maso anadina penapake, ndipo pakati pa galasi panabwera mzere wopingasa, ngati linta pamwamba pa khomo. Pamwamba pa mzerewo panali amayi ako. Pansi pake panalinso amayi ako, yunifomu yomweyo, kumwetulira komweko.

Ndinafunsa kuti, "Mwawapanga awiri?"

Iwo anaseka, nati, "Ndangogawa windo, bambo Mulipa, kuti tizionera mbali ziwiri nthawi imodzi. Mwamvetsa?"

Ndinati ndamvetsa. Munthu amene anawerengapo mapulani a nyumba zosanjikiza sangavutike ndi mzere umodzi.

Kenako anatsitsa lapansilo mpaka pa tsamba la mayina, lapamwamba n'kukhalabe pa chithunzi. Zaka tinaziyerekeza, zikufanana. Ndaphunziranso batani lofufutira, lalitali lakumanja lokhala ndi muvi. Akalakwitsa amaika kamzere kophethira kumapeto kwa mawuwo, n'kudina batanilo, chilembo n'kuzimiririka osasiya ngakhale chipsera. Pa khoma sizitheka zimenezo. Njerwa ikapendama umagumula, ndipo pogumulapo pamaoneka.

Nthawi ya swala, pemphero lawo la masana, itakwana anandisiyira shopu kuti ndiwayang'anire, monga amachitira ndikakhalapo. Pobwera anapeza anthu ofuna fotokope ya ziphaso atandandika mpaka pakhomo, magetsi nawo akuphethira. Ndinawauza kuti akutumizire lapamwambalo asanazime. Atumiza.

Uwerenge, mtima ukhale m'malo, ugule tikiti.

Bambo wako,
Fletcher Mulipa


Cape Town
29 Juni 2025

Ababa,

Moni wautali lero ndilibe.

Mbiri ija ndinaisunga osatsegula mpaka lero, kuti tiwerengere limodzi ndi achimwene. Ndinawaimbira Lachisanu n'kuwauza kuti ababa afewa, dzina lanu lalembedwa. Lero abwera atavala shati yoyera yosita, ngati munthu wopita ku mgonero.

Tinawerenga tsamba ndi tsamba pa foni yanga. Pa nkhani ya mwala wa sikelo anaseka mpaka misozi, nati iwo analipo tsiku limenelo, ndiwo anakatola mwalawo m'ngalande. Zaka ziwiri ndinali ndisanawamve akuseka chonchi.

Kenako tsamba lomaliza. Ana awo: Mirriam, Alfred. Pamwamba pa dzina langa pali mpata wopanda kanthu, wokwana dzina limodzi. Ngakhale mwana angaone kuti panali chinthu chimene chachotsedwa.

Achimwene anayang'ana mpatawo nthawi yaitali. Anandibwezera foni ndi manja awiri, nati, "Zikomo chakudya, chemwali." Anatuluka mvula ikugwa, jekete n'kuliiwala pampando. Foni yawo sakuyankha.

Mukanakana poyera, ndikanadziwa chochita, ndipo sindikanawaitana. Koma munandiuza kuti mwaliona ndi maso anu. Mwawabaya ndi dzanja langa, ababa.

Tikiti sindinagule.

Mirriam


Machinjiri, Blantyre
3 Julaye 2025

Mirriam,

Moni, ngakhale iwe wandimana.

Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe amene anandiitanapo wabodza, ngakhale mabwana amene ankandisiyira makiyi a sitolo ya simenti. Lero ndamva kwa mwana amene ndinamunyamulapo paphewa.

Ndikubwereza, ndipo mayi Shamsa alembe monga ndikunenera. Pepala limene ndinalamula kuti litumizidwe kwa iwe linali ndi dzinalo. Ndingalumbire pamaso pa abusa ndi akulu a mpingo onse. Ngati lafika lopanda dzina, funsa makinawa, kapena amene amawagwira. Tsiku lija kunali anthu ambiri, magetsi akuvuta. Mwina anasokoneza mapepala n'kukutumizira linalo. Zinthu za masiku ano zimachita changu kuposa nzeru.

Za shati yoyera ndi jekete sindinafunse. Amene anafuna kulira akanalira pamodzi ndi ife mu Malichi wa 2023.

Ugule tikiti. Amayi ako sanakulakwire.

Bambo wako,
Fletcher Mulipa

Mawu a wolemba:

Achemwali a Mirriam, ndine Shamsa. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikulembera anthu makalata, ndipo sindinaikepo mawu anga pansi pa kalata ya munthu. Lero ndaika chifukwa ntchito yanga yatchulidwa. Zapamwambazi ndalemba monga anenera, osachotsa kanthu.

Dzina la achimwene anu ndinalilemba ndi zala zangazi. Sindinalifufute. Pepala linalo limene bambo akunena kulibe. Fayilo ya amayi anu ndi imodzi yokha mu kompyuta muno, ndafufuza kawiri. Kulakwa kwanga n'kwakuti tsiku lija ndinaseva n'kutumiza osawerenganso tsamba lomaliza, chifukwa cha anthu amene ankandidikira. Pamenepo ndapepesa.

Pali chinanso chimene muyenera kudziwa. Bambo atati nditumize, ndinayesa kuti zonse zatha, ndiye fayilo yomweyo ndinatumizanso kwa a Abbas. Ndawaimbira m'mawa uno kuti aime kaye. Akuti anamaliza kuzokota Lachiwiri. Pamwala pali mayina awiri.

Mawu awa ndawawerengera bambo anu ndisanatumize. Atenga chipewa chawo, ati, "Dzanja ndi lanu, tumizani." Atuluka osatsanzika.


Cape Town
20 Julaye 2025

Ababa,

Ndine Aaron. Moni. Ndamva kuti bondo likukuvutani, pepani.

Mirriam musamukwiyire. Ndinamulumbiritsa ndine kuti asakuuzeni, ndipo wasunga lumbiro zaka ziwiri likumulemera. Lero ndinena ndekha kuti iye apume.

Pa 6 Malichi 2023 apolisi ofufuza mapepala a alendo anabwera pa galaja pamene ndimagwira ntchito yowongola magalimoto, n'kutenga tonse amene mapepala athu anali atatha. Anatitsekera kumalo osungira anthu oyembekeza kubwezedwa kwawo. Mafoni anatilanda pakhomo. Patatha sabata, alonda ankaonera nkhani pa TV yawo, ife tikusuzumira pa waya. Anaonetsa Chilobwe. Ndinazindikira golosale yabuluu ija ya pafupi ndi kwathu, denga lokha likuoneka pamwamba pa matope. Ndinapempha foni, ndinagwada. Anati ndidikire tsiku langa.

Ndinatuluka kumapeto kwa Epulo, abwana anga atabwera ndi loya. Mirriam anali atandifunafuna m'zipatala chibwerereni kumaliro. Ndiye anandipeza pageti. Ndinaona mpango wakuda kumutu kwake, ndinadziwa.

Ndinakuimbirani tsiku lomwelo. Mutamva mawu anga munapereka foni kwa Alfred. Ndinaimbanso mawa lake, munachita chimodzimodzi.

Mufunsa kuti bwanji sindinauze Alfred, kapena kulemba. Tsiku limene ndinkanyamuka pa depoti ya mabasi ya Wenela mu 2014, amayi akundipatsa mtedza wokazinga m'kathumba, inu munaima patali n'kunena kuti, "Ukakagwidwa ngati wakuba kumeneko, usadzatchule dzina langa." Sindinalitchule, ababa. Ndinaona kuti kuli bwino muzindiyesa wouma mtima kusiyana n'kuti muziti, "Ndinanena ine." Mwina pamenepo ndinatengera inu.

Sindikulemba kuti mubwezere dzina. Ku mwambo wa chiliza sindingabwere. Mapepala anga akadali m'manja mwa ofesi, ndikatuluka sindidzalowanso, ndipo ndili ndi ana awiri kuno amene simunawaone. Ndiye anthu adzati kachiwiri sanabwere. Musiye momwe mwazokotera. Mirriam ndamuuza kuti akwere basi, asalange amayi chifukwa cha ine.

Chimodzi chokha. Pa tsamba lachiwiri mwalemba kuti amayi anabatizidwa mu 1981, chaka chimene anabereka mwana wawo woyamba. Anthu a mpingo amadziwa kuwerengera zaka, adzaona kuti si Mirriam ameneyo. Mufufutenso pamenepo kuti musadzachite manyazi.

Aaron


Machinjiri, Blantyre
4 Ogasiti 2025

Aaron mwana wanga,

Landira moni wa bambo wako. Upereke moni kwa mkazi wako ndi kwa adzukulu anga awiriwo. Undiuze mayina awo.

Kwa mayi Shamsa ndinasiya kupitako mwezi wathunthu. Alfred atandiuza kuti kwafika kalata yako ndinakhala masiku ena ndikunamizira bondo. Lachisanu ndinapita. Anandiwerengera kamodzi. Anafunsa ngati abwereze monga mwa masiku onse, ndinati ayi, yalowa.

Tsopano ndinena zimene ndinachita, ndipo akulemba ndi munthu yemweyo amene ndinamunamizira.

Tsiku lija atagawa galasi pakati, n'kuona amayi ako pamwamba ndi pansi, ndinaganiza kuti mapepala akhala awiri, monga fotokope imachitira. Atatuluka kukaswali ndinakhala ndikuyang'ana dzina lako pansi pa mzere uja. Nzeru inandibwerera, ndipo ndinaiyesa nzeru yabwino. Ndinati lapamwambalo likhale la Mirriam, aone dzina, akwere basi. Lapansili likhale la pamwala ndi la mpingo. Akadzaona mwalawo kudzakhala kuli anthu ambiri, sadzatha kukangana nane pamanda. Kamzere kophethira kanali pomwepo, kumapeto kwa dzina lako, pamene mayi Shamsa analekezera. Ndinadina batani lalitali lija kasanu. Ndinawerenga. Sizinali ngozi, ndipo si makina.

Nditalumbira kwa Mirriam kuti pepala lake linali ndi dzina, ndinkakhulupiriradi kuti linali nalo. Koma kumeneko sikuyera kwa munthu. Ndinkanena zoona zazing'ono kuti ndibise bodza lalikulu.

Zonsezi ndinawauza mayi Shamsa Lachisanu lomwelo, chipewa chili m'manja. Sanandikalipire. Anatsegula mbiri ija, anagawanso windo, ndipo ulendo uno anaika tsamba la mayina pamwamba ndi pansi pomwe. Mpata uja unaoneka kawiri.

Anati, "Bambo Mulipa, inu munali omanga nyumba. Chipinda chimodzi, mwaika windo kum'mawa, lina kumadzulo. Munthu walowetsa dzanja pa windo la kum'mawa n'kuchotsa mpando. Wosuzumira kumadzulo aupeza mpandowo?"

Ndinati saupeza.

Anati, "Ndiye basi. Mawindo ndi awiri, pepala ndi limodzi. Tsiku lija ndinakufunsani ngati mwamvetsa."

Ndinati, "Munandifunsa."

Anati, "Mukanangoti simunamvetse, ndikanakufotokozerani. Sitilipiritsa kufunsa muno."

Kenako anadzuka pampando wawo, umene salola munthu wina kukhalapo, nati, "Munafufuta nokha. Mulembe nokha."

Ndinakhala pansi. Zilembo za pa makinawo sizinaikidwe motsatana monga tinaphunzirira kusukulu, zili balalabalala. Ndinasaka chilichonse ndi chala chimodzi. Bambo wina amene ankadikira fotokope anati, "Madala, mumaliza chaka chino? Ena tili ndi intaviyu." Mayi Shamsa anati, "Pitani kwa aneba, achimwene, kuno kuli ntchito." Ndikadina chilembo pansi, chinkatulukanso pamwamba nthawi yomweyo, popanda wochikhudza. Dzina lako linakwanira mbali zonse ziwiri. Ndinazindikira kuti chimodzimodzinso tsiku lija, pamene ndinkadina kasanu n'kumadziona wochenjera, dzinalo linkachoka ponseponse, ine osaona chifukwa pamwamba panali nkhope ya amayi ako ikundiyang'ana.

Mawu a pa Wenela ndinanenadi. Ndikuwakumbukira, ngakhale shati imene unavala ndikuikumbukira. Ndinali ndi mantha, ndipo ine mantha amanditulukira ngati ukali. Amayi ako ankadziwa zimenezo, ankandimasulira kwa inu. Chichokereni iwo palibe wondimasulira. Foni ija ndinapereka kwa Alfred chifukwa ndikanalankhula ndikanalira, ndipo panali anthu. Sindikunena izi kuti zichepetse mlandu.

Loweruka ndinapita ku Zingwangwa. Mwala ndi wakuda, wokongola, wotsamira khoma la shedi. A Abbas mpata uja anautseka pozokota, dzina la Mirriam lili pamwamba penipeni. Ndinawafotokozera. Anapukusa mutu, nati, "Madala, mwala si kompyuta ya Shamsa. Kuno kulibe batani."

Anati njira zilipo ziwiri. Yoyamba, kupala nkhope yonse ya mwala n'kuyambiranso, koma sungathe pofika pa 30, ndipo mwalawo ndi wopyapyala, ungasweke. Yachiwiri, pansi pa dzina la Alfred patsala malo okwana zala ziwiri. Dzina lako lingalowe pamenepo, koma la zilembo zing'onozing'ono, woyamba kubadwa n'kukhala womaliza. Anati, "Ndikuchenjezeni, aliyense wodziwa banja lanu adzaona kuti laonjezedwa pambuyo. Adzafunsa."

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Ndinaganiza za akulu a mpingo, za amalume ako, za anthu a ku Chilobwe amene amandivulira chipewa. Kenako ndinati azokote.

Wanena kuti ndisiye momwe zilili. Sindikumvera. Mirriam ananena zoona, chilizacho ndi cha amayi ako, ndipo anabereka atatu. Za pa tsamba lachiwiri sindifufuta. Unali kumsana kwawo tsiku limenelo, madzi a ubatizo anakudonthera pamutu, unalira mpaka abusa anaseka. Ndawauza mayi Shamsa aonjezere zimenezo.

Ndalakwa, Aaron. Mawu amenewa ndawapempha kuti andiwerengere kawiri, kuti ndimve ngati alowa.

Ndine bambo wako,
Fletcher Mulipa


Machinjiri, Blantyre
1 Seputembala 2025

Aaron mwana wanga,

Moni kwa iwe ndi a m'nyumba mwako. Mirriam anafika bwino, anyamuka Lachinayi. Wandionetsa adzukulu pa foni. Wamng'onoyo ali ndi chipumi cha amayi ako.

Mwambo unachitika Loweruka. Kunabwera anthu ambiri, ena amene anafukula nawo matope. Mbiri inawerengedwa yonse, dzina lako loyamba. Atachotsa nsalu pamwala, amalume ako anawerama n'kumatsata zilembo ndi chala. Anadzuka, nafunsa mokweza, anthu onse akumva, kuti, "Alamu, mphwanga wamkulu wapezeka bwanji kumunsi kuno, tizilembo ngati nyerere?"

Alfred anafulumira kunena kuti wozokota analakwitsa. Ndinamugwira mkono. Ndinati, "A Abbas sanalakwitse. Dzinalo ndinalifufuta ndine, ndi chala ichi, chifukwa ndinaweruza mwana ndisanamufunse. Iye sanathawe maliro a amayi ake. Anali m'mavuto amene anaopa kundiuza chifukwa cha pakamwa panga." Za kumene unali sindinanene, imeneyo ndi nkhani yako.

Amalume ako anandiyang'ana. Kenako amayi a mpingo anayambitsa nyimbo. Dzulo kutchalitchi ena anandipatsa moni ndi manja awiri, ena anayang'ana kumbali. Zonsezo ndi zanga.

Kalata yanga ya pa 4 Ogasiti sunandiyankhe. Mirriam akuti unalandira, ndipo unawerenga. Sindikukukakamiza. Iwe unaimba kawiri, ine n'kupereka foni kwa wina.

Mayi Shamsa anafunsa ngati achotse fayilo ya amayi ako poti ntchito yatha. Ndati aisunge. Akutinso yankho lako likafika adzaimbira Alfred, ndisamavutike ndi maminibasi awiri kudzangofunsa. Ndawauza kuti bondoli ndi langa.

Lolemba ndibweranso kuno kushopu.

Ndine bambo wako,
Fletcher Mulipa